Chipanda cha Malemu Akazi Anga

Malemu akazi anga anali ndi lamulo pa chipanda chawo. Mkaka ukagona n'kusanduka chambiko, ankaukhutchumula pamiyendo mpaka mafuta atayandama, ena odzola, ena othira m'ndiwo. Koma aliyense wowapeza pa ntchitoyo, kaya mkulu wa mpingo kaya wogula fodya, ankayenera kugwira chipandacho n'kugwedezako pang'ono. Akapanda kutero, akuti mafuta amutsatira kwawo.

"Mayi, mafuta ali ndi miyendo?" ndinkawaseka ine.

"Gwirani apa inu, musiye kulongolola."

Anamwalira ndale za matipate zitangoyamba kumene. Ng'ombe zathu ku Nathenje kuno zinatha, zina ndi nkhupakupa dibi litatsekedwa, zina akuba analowa nazo ku Dzalanyama. Inatsala imodzi, yaliuma ngati mwini wake. Ana ali ku tauni. Ndinati ndiyese ndekha, poti mapazi anali atang'ambika, komanso fungo lija la mafuta ndinkalisowa m'nyumba.

Ndinakhutchumula mpaka mapewa kuwawa. Thovu lokhalokha. Mawa lake, chimodzimodzi. Basi ine wosakhulupirira uja ndinayamba kusuzumira kunjira, kuti mwina wina abwera agwireko. Koma pakhomo pa bambo wamasiye anthu amapereka moni ali chiyendere.

Tsiku la msika ndinamanga chipanda panjinga, ulendo ku msewu wopita ku Mitundu. Ndinaimitsa mayi wina wosenza tomato.

"Mayi, tandigwirirankoni apa pang'ono chabe."

Anayang'ana chipanda chakuda ndi utsi, mkanda wa akazi anga uli m'khosi mwa chipandacho. Anayang'ana imvi zanga.

"Mayo ine! Nsupa masanasana! Agogo, mukufuna mundikhwimire?"

Tomato yense balala mumsewu. Bambo wina wa ngolo anakuwa, "Madala, ufulu wabwerawu si wotambira poyera!"

"Ndi mkaka, achimwene, tanunkhizani!"

Anakwapula ng'ombe zake, osacheukanso.

Ndinabwerera popanda dzanja la munthu pachipanda. Msewu wakewo mabampu okhaokha, njinga kumangodumpha. Nditafika ndinachotsa chitsekerero, ndipo mafuta anali atayandama, achikasu bwinobwino. Ndinatembenuka msanga, mawu ali kale pakamwa: "Mwaonatu mayi, ndi kugwedeza basi, manja a alendo alibe ntchito!"

Mphasa ya akazi anga inali chipindire pakona.

Ndinakhala pansi n'kudzola mapazi onse awiri. Mafuta anatsala ambiri.