Nandolo wa anganga adaoneka ngati tchire

Inu owerenga, munda umene udandilera ndidautaya ndi dzanja langa lomwe, popanda wondikakamiza. Ndalemba izi kuti wina asadzagwe m'mbuna imene ndidagwamo ine.

Mayi anga adamwalira ndili wakhanda, ndipo bambo sindidawaonepo. Adandilera ndi anganga, mayi a mayi anga, m'mudzi wina kufupi ndi Thuchila. Makolo awo adachokera ku Mozambique, ndipo munda wathu adapatsidwa pakamwa chabe, popanda chipepala. Mwa mwambo wathu mundawo udali wodzakhala wanga, poti ndine mwana wamkazi. Ndidakula wosalankhulalankhula, ndinkangoyang'ana zinthu n'kusunga mumtima. Nditalekeza sukulu ndidayamba kuthyola tiyi ku esiteti.

Masiku amenewo a chipani chimodzi, akuluakulu ankatsegula maesiteti, ndipo tinkamva kuti m'midzi ina anthu asamutsidwa chifukwa alibe lizi, chikalata cha boma chotsimikiza kuti malo ndi awo. Ndinkakhala ndi mantha amenewa tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina la msika pa Nkando ndidapeza anthu atazungulira bambo wina wovala taye. Adali atayala pa tebulo zithunzi zazikulu zojambulidwa m'ndege. Msewu unkaoneka ngati ulusi, nyumba ngati timiyala. Adati kampani yawo imajambula malo kuchokera kumwamba n'kupanga mapu, ndipo ofuna mapuwo ndi ambiri. Wogula masheya, ndiye kuti gawo m'kampaniyo, azilandira phindu chaka ndi chaka, komanso munda wake udzajambulidwa kuti akhale ndi umboni pokapempha lizi. Phindulo sindidalilabadire kwenikweni. Mawu oti umboni ndiwo adandigwira mtima.

Ndidatenga zonse zimene ndidasunga pa zaka zinayi zothyola tiyi, n'kugulitsanso mbuzi zathu ziwiri. Ndidasaina pepala la Chingerezi lomwe ndidangomvapo mawu ochepa. Ndili mkati mosaina ndidaona kuti m'galimoto ya bamboyo mwakhala mkulu wina wa chipani wa m'dera lathu, yemwe aliyense ankadziwa kuti akusakasaka malo olimapo fodya. Ndidamuona bwinobwino, mtima udagunda, koma monga mwa chikhalidwe changa sindidafunse kanthu.

Anganga sadakondwe nditawafotokozera. Adati, "Iwe mwana, ndegeyo idadzalako nandolo kuti? Mbuzi zanga wapatsa chinthu chosatera pansi?" Ndidawauza kuti dziko lasintha, masiku ano munda umatetezedwa ndi pepala. Adangotenga khasu n'kuchoka.

A kampani adatilangiza kuti tipake miyala laimu n'kuiyala ngati mtanda pangodya zonse zinayi za munda, kuti ndege iione. Ndidasenza miyala kuchokera kumtsinje masiku atatu. Ndidayala mitandayo mosamala kuposa wina aliyense. Ndege idadutsa m'chilimwe, chimanga titakolola kale.

Apa ndiye padagona tsoka langa. Anganga, monga amalimira anthu akwathu, ankasakaniza mbewu zonse m'munda umodzi: chimanga, nandolo, chinangwa, mapira, kalongonda. Chimanga chikachoka, nandolo amatsala wamtali ngati zitsamba, kalongonda atayanga paliponse, mizere osaonekanso. Munthu woyenda pansi amadziwa kuti chimenecho ndi chakudya cha chaka chonse. Kumwamba kumaoneka tchire.

Chaka chidatha, phindu osabwera, chithunzi osabwera. Amene adabwera ndi anthu oyeza malo, atanyamula unyolo ndi zikhomo za simenti. Adayamba kukhoma zikhomozo pamene padali mitanda yanga. Adati malowo apatsidwa pa lizi kwa mkulu wa chipani uja, chifukwa ndi tchire losalimidwa. Minda ya anansi amene sadagule masheya sadaikhudze, poti idalibe zizindikiro zoti ayezerepo.

Ndidapita ku boma, ulendo wanga woyamba kulowa mu ofesi. Kalaliki wina wachifundo adandionetsa chithunzicho mobisa. Mitanda yanga inayi inkawala bwino, pakati pake pali mdima wa zitsamba. Adatulutsanso pepala ndidasaina lija n'kundimasulira. Ndidali nditavomereza kuti kampani igulitse chithunzi cha mundawo kwa aliyense, ndiponso kuti malo a pakati pa mitandayo ali monga momwe chithunzi chidzaonetsere. Ndidamuuza kuti si tchire ayi, ndi nandolo. Adatsitsa mawu nati, "Achemwali, nandolo ndimamudziwa, kwathu n'ku Chinakanaka. Koma pepala lanena kale. Mukapitiriza adzati mukuukira boma. Bwererani kwanu mukadali ndi moyo."

Ndidabwerera. Thirakitala idabwera nandolo ali ndi makoko. Anganga sadandikalipire. Adangopempha woyendetsayo kuti awapatse tsiku limodzi athyoleko, ndipo adawalola mpaka dzuwa litapendeka. Tidathyola awiri, tidapeza madengu atatu. Kenako ndidawatengera ku malaini, nyumba za antchito a ku esiteti, m'kachipinda kamodzi kopanda ngakhale podzala mpiru. Munthu amene adazolowera kudzuka ndi khasu ankangokhala pakhomo kuyang'ana phiri. Adamwalira mvula yachiwiri isanathe. Kampani ija ndidamva kuti idatseka ofesi yake, ndipo bambo wa taye uja sadaonekenso pa Nkando.

Inu owerenga, ndege sidaname, idajambula zimene idaona. Wolakwa ndine, amene ndidaika chuma changa m'ntchito yomwe sindinkaidziwa mutu wake. Musanagule masheya m'kampani iliyonse, funsani kuti katundu wakeyo amagula ndani, ndipo akagula amachita naye chiyani. Pepala la chilankhulo chimene simuchimva musalisaine wina wakwanu asanakuwerengereni. Ndipo mtima ukakugundani, tsegulani pakamwa pomwepo, chifukwa kufatsa kwina n'kudzipha.

Ine malangizowa andipeza mochedwa. Patapita zaka ndidabereka mwana wamkazi, ndipo iye atakula n'kupeza mwamuna, ankhoswe a kuchimuna adabwera ku malaini kuja n'kufunsa mwaulemu kuti mkamwini akabwera azidzalima pati. Onse adatembenukira kwa ine kudikira yankho. Ndidalibe poloza chala.