Diso Limodzi ndi Tizikho ta Mgonero

Mpingo wathu kuno ku Nsaru wakhala ndi anthu odziwa kuyankhula, ena odziwa kuvala, koma wokhulupirika woposa malemu a Jailosi Kaphwiti sunakhalepo naye.

Anabadwira m'banja lolima fodya ndi mtedza, ndipo sukulu anaisiyira panjira bambo awo atamwalira. Adakali wamng'ono ankatsuka tizikho ta Mgonero Woyera. Atakula nasankhidwa kukhala mtumiki, anapatsidwa udindo wothiramo vinyo. Ankakonda kunena kuti, "Cha Ambuye sichidonthera pansi." Ndipo m'manja mwawo sichinadonthepo.

Atakalamba, khansa inamera m'diso lawo lakumanja. Madokotala anachotsa disolo, koma anapeza kuti nthendayo inali itayamba kale kudya mnofu wozungulira, motero anawatumiza kukawotcha khansayo ndi makina. Tsiku ndi tsiku ankagona chagada, mutu uli m'chigoba kuti usasunthe, iwo akuimba nyimbo chamumtima. Khungu la patsaya linada n'kusupuka. Akazi awo atagwetsa misozi, iwo anaseka nati, "Nangozo, mwaiwala kodi? Fodya wa chikopa amakoma atalawa moto."

Chimene chinawaliza chinali china. Atabwerera pa ntchito yawo, diso limodzilo linawanamiza: anathira vinyo pambali pa kachikho, nsalu yoyera ya pathebulo n'kufiira. Akulu a mpingo anayamba kunong'onezana zopereka udindowo kwa wina. A Jailosi sanatsutse ndi pakamwa. Anatolera zitsekerero za mabotolo, nakhala pakhonde n'kumathiramo madzi, nkhuku zikumwa otayika, kufikira dzanja litaphunzira chimene diso linalephera: kukhudzitsa kaye mlomo wa ketulo pa kachikho, kenaka n'kupendeketsa. Manong'onong'o aja anathera pomwepo.

Nthendayo inabwereranso, ndipo a Jailosi anatisiya mwamtendere m'nyengo yokolola, akazi awo atawagwira dzanja. Achinyamata amene mumatopa ndi kusesa tchalitchi, imvani za Mgonero wawo womaliza. A Gabriel, mkulu wa mpingo, anawapeza m'kachipinda ka kuseri kwa guwa atawonda kwambiri, ataweramira tizikho, dzanja lina litatsamira thebulo.

"Achimwene, pumani. Bweretsani ketuloyo ndikuthirireni."

"Mukufuna ndikafike kumwamba ndili lova, eti?" anatero a Jailosi, osadzutsa mutu. "Zikomo, a Gabriel, koma khalani pampandopo. Iti ndimaliza ndekha."