Anti Seemah ndi Mabuku Amene Anakana Kuwakwirira

Mlungu wathawu taika m'manda Anti Seemah Gareh, amene anasamalira mabuku a sunagoge wathu kuyambira utsikana mpaka maso atachita mdima. Akomiti apempha mawu ochepa oti alowe m'kalata ya mpingo. Mawuwo ndi awa, koma kuchepako andikhululukire.

Seemah anabadwira konkuno ku Singapore, pamwamba pa sitolo ya nsalu, m'dera lomwe Ayuda osauka ochokera ku Baghdad ankakhala mothithikana. Bambo ake ankasesa m'sunagoge. Masiku amenewo atsikana sankawaphunzitsa Chiheberi chozama, ndiye Seemah ankangotumidwa kukapukuta fumbi m'chipinda chophunzirira anyamata. Buku likagwa ankalitola n'kulipsompsona, monga timachitira tonse, koma iye asanalibwezere ankayamba walitsegula. Kuwerenga anakudziwa choncho, kansanza kali m'manja.

Pa nkhondo ya Ajapani banja lonse linatsekeredwa kukampu, ndipo bambo ake anamwalira komweko. Atatuluka, Seemah anapeza chipinda cha mabuku chikununkha nkhungu, chiswe chitamanga m'mashelefu. Palibe amene anamutuma. Anangoyamba kuyanika masamba padzuwa ndi kusoka zikuto ndi singano yomwe ankasokera madiresi kuti adyetse mayi ake. Akuluakulu ataona kuti zayenda anamupatsa kiyi. Amuna awiri anamufunsira mbeta, onse ali pa ulendo wa ku Australia. Seemah anawafunsa onse awiri kuti mabuku atsala ndi yani, ndipo onse anakwera sitima okha.

Ankakonda kunena kuti buku lotsekeredwa m'kabati ndi mlendo amene mwamuitana koma osamupatsa mpando. Amene tinakula tikubwereka kwa iye tikudziwa kuti sankafunsa ngati ukufuna buku. Ankangokuyang'ana n'kukupatsa.

Mayesero ake aakulu anabwera m'zaka za m'ma 1960. Mabanja ankasamuka mwezi ndi mwezi, mpaka amuna khumi ofunika pa pemphero ankachita kukawadzutsa m'nyumba. Nyumba yomwe munali mabuku inagulitsidwa. Wapampando wa komiti anali a Naji Saltoun, wamalonda a mpunga, munthu wopemphera ndithu, pamenepo tisawanamizire. Buku lokhala ndi dzina la Mulungu sitilitaya kudzala. Likatha timaliika m'manda ngati munthu. A Naji anaona kuti kusiyana n'kuti mabuku adyedwe ndi chiswe, kapena akathere kumsika akukulungira nsomba, ndi bwino onse aikidwe m'manda mwaulemu, akutha ndi abwino omwe. Komiti inavomera misozi ili m'maso. Kulakwitsa kwa anthu amene akuganiza kuti akuchita zopatulika n'kovuta kukutsutsa.

"Achimwene, manda ndi a akufa," Seemah anawauza. "Awa akupuma."

"Awerenga ndani, chemwali? Chiswe? Chimenecho ndiye chatsala ndi khama la sukulu kuno."

Seemah sanakangane nawo. Anapita kwa a Rabi okalamba n'kufunsa ngati buku lomwe lili m'manja mwa wobwereka lingalandidwe kuti likakwiriridwe. A Rabi anati lomwe munthu akuliwerenga silinathe. Sanafunse chifukwa chake, ndipo ndikukhulupirira kuti sanafunse dala.

M'mawa mwake Seemah anachita hayala njinga yamatayala atatu n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Anabwereketsa kwa ogulitsa nsalu, kwa ometa tsitsi, kwa mayi wamasiye wosadziwa chilembo ngakhale chimodzi, amene Seemah anamuuza kuti mdzukulu wake adzadziwa. Anafika mpaka kudoko, n'kumalonga mabuku m'masutikesi a anthu opita ku Perth ndi ku London, pakati pa matawulo ndi miphika. Aliyense wofunsa tsiku lobweza ankamuyankha kuti abweze akamaliza.

Tsiku la maliro a mabuku a Naji anabwera ndi lole ndi matumba. Anapeza mashelefu ali mbee. Patebulo panali timitolo tochepa tokulungidwa m'nsalu yoyera, mabuku okhawo amene analidi atafa.

"Mwamwaza katundu wa mpingo, Seemah."

"Sindinamwaze, ndabwereketsa. Lanu ili, ndakusungirani."

Linali buku la Masalimo. A Naji anali atapsa mtima, koma buku lopatulika sungalikankhe kuti ligwe pansi, ndiye analilandira. Seemah anaperekeza timitolo tija kumanda, akulira ngati waferedwa m'bale.

Komiti inamulanda kiyi. Ena ankamunena kuti ndi wakuba, ndipo zimapweteka kukumbukira kuti ena mwa onenawo anali ndi mabuku ake pamutu pa bedi. Seemah anabwerera ku makina ake osokera, koma Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe ankazungulira ndi dengu, kutenga buku nyumba ino n'kukasiya nyumba iyo, n'kufunsa ana kuti afika pati. Laibulale yathu inakhala m'dengu limenelo zaka zambiri, popanda malipiro, popanda zikomo.

Mulungu sanamuiwale. Mzinda unakula, mabanja atsopano anabwera, m'sunagoge munamvekanso phokoso la ana. Mpingo utatsegula chipinda chatsopano cha mabuku, mawu anapita kwa abale akunja, ndipo mabuku anayamba kubwerera, ena pa positi, ena m'manja mwa zidzukulu za obwereka. Anabwera ali ndi madontho a vinyo wa Pasika, phula la makandulo, mayina a ana obadwira kutali olembedwa kuchikuto. Ambiri anali nyankhalala, masamba akuthothoka. Ena mwa ife tinadandaula. Seemah ankawasisita limodzi limodzi, akuseka yekha.

Pa phwando lomulemekeza anthu anadzaza mpaka pakhonde. A Naji, atakalamba kwambiri, anaimirira ndi ndodo yawo popanda wowapempha.

"Ine ndinkafuna kulemekeza mabuku powakwirira," anatero. "Mayi awa anawalemekeza powatumiza kwa anthu. Wolakwa ndinali ine."

"Mwachedwa nazo, achimwene," Seemah anayankha, "koma khalani pansi, tiyi akuzizira."

Anthu anaseka, ena akupukuta misozi, ndipo a Rabi athu atsopano anamupatsa kiyi pamaso pa mpingo wonse.

Maso atasiya kuona ankabwerabe, n'kukhala pafupi ndi khomo kumvetsera amene akubwereka. Anamwalira m'mawa, ali pampando wake kunyumba, mwana wa mchimwene wake akumuwerengera salimo. Wowerengayo anazindikira kuti watisiya atafika kumapeto.

Munthu wolungama timamuika pamodzi ndi mabuku opatulika amene atha, ndipo kawirikawiri ulemu umenewu umapita kwa amuna ophunzira. A Rabi anati palibe woyenera kuposa Seemah. Tinasankha okhawo amene sakanasokekanso, ndipo anachuluka moti onyamula anachita kulandizana. Mabuku aja anapitadi kumanda, monga komiti inagamulira kalelo. Koma anapita atawerengedwa mpaka kutha, ndipo anagona pambali pa mayi amene anawabwereketsa.

Chikumbutso chake chikhale dalitso.