Tsiku limene ndinasangalala ndi njoka

Ine kachilombo ndinakhala nako bwinobwino zaka zinayi, mankhwala osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, mpaka dzinja lina m'mimba munandiukira. Mvula itangokhazikika paphiri la Zomba, ine ulendo wa kuchimbudzi osatha, usana wonse. Siketi inayamba kuzungulira yokha m'chiuno. Malemu amuna anga anayambanso choncho, ndiye mumtima ndinangoti basi, mankhwala aja atopa nane. Ndinkaopa kufa, koma sindinauze munthu.

Kuchipatala ananditenga magazi, nandipatsa kabotolo koti ndiikemo chimbudzi pang'ono. Tsiku la zotsatira adokotala, mayi wamagalasi wosaseka wamba, anati mankhwala akugwira ntchito bwino lomwe, chandivuta ndi njoka za m'mimba. Akuti dzinja lililonse mzere wa odwala njokafe umatalika, poti mvula imakokolola zonyansa za kutchire n'kuzithira m'mitsinje momwe ife a m'munsi mwa phiri timatunga, ndipo a chitetezo chochepafe zimatipeza msanga. Anandipatsa timapiritsi, nandilamula kuti ndiziwiritsa madzi akumwa ndi kuvala nsapato kumunda.

Njoka basi! Ndinaseka mpaka adokotala aja anafunsa ngati ndawamvetsa.

Mu minibasi yopita ku Chikanda mtima unakana kudikira. Ndinaimbira foni achemwali anga, jumbo yakuda ili pamiyendo, ndipo ine kulankhula motsitsa sindinaphunzire.

"Achemwali, ndili ndi njoka. Ee, zamoyo, zambirimbiri. Ndikubwera nazo konko."

Abambo amene anali pambali panga anakweza miyendo yonse iwiri, tayi ali m'khosi. Mayi wina kumbuyo anayamba kupemphera mokweza, kondakitala akumenya denga kuti adalaivala aime. Minibasi isanaime n'komwe, anthu anali akupondana pakhomo. Ndinatsala ndekha ndi jumbo yanga ya tomato. Ndinayesa kulongosola kuti zili m'mimba, koma phwete linandigwira pakhosi, misozi ili chuchuchu, ndikungoloza pamchombo. Atamvetsa anabwerera akunditukwana, ine n'kumathokoza aliyense ngati wandipatsa mphatso.

M'mawa mwake ndinalawira kwa aneba kukapempha mbewu ya mbatata, poti ya chimanga nthawi inali itapita. Mayi aja anandizazira kuti ndinali kuti anzanga akudzala, ulesi wanji umenewu munthu wa ana atatu. Ndinangoseka. Munda uja ndinali nditausiya dala, poganiza kuti wokolola sadzakhalapo.