Nsomba zomwa thobwa

Dziwe lija ndinakumba ndekha, ndi khasu langa, chaka chimene anthu a ku Mozambiki ankapasula zisakasa ku Luwani kubwerera kwawo. Tinali titangovota kumene, ndipo aliyense pakamwa panali ufulu. Ine ndinali mkamwini. Dimba limene ndinakumbapo linali la kwawo kwa mkazi wanga, koma achimwene awo aakulu, alamu anga, anandilozera okha malowo nati: "Kumbani alamu, pano palibe amalimapo."

Alangizi anatipatsa tiana ta nsomba za makumba nati tizidyetsa madeya, masamba a chinangwa ndi soya wosinja. Ndinadyetsa miyezi inayi. Nsomba zake ngati zala. Zinkadya ndithu, koma madeya ankangodutsa m'mimba osagwira thupi, ndipo ine ndinkapsa mtima tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina mkazi wanga anatsuka mtsuko wa thobwa, masese ake ndinakathira m'dziwe posafuna kuwataya. Mmene zinalimbiranira nsombazo ndinaima kukamwa kuli yasa. Ndinaganiza: chimera chimasungunula phala lolimba kukhala thobwa, nanga madeya chingawalephere? Ndinayamba kuviika madeya ndi soya m'madzi ofunda, n'kuwazamo chimera chodzaza dzanja, n'kuvundikira mpaka mawa lake. Pothira ndinkagogoda chidebe katatu, nsomba n'kubwera pamwamba. Pofika nthawi yokolola chimanga zinali zitafika pachikhatho.

Alamu aja ankandiseka pamsika wa Lisungwi. "Awa nsomba zawo zimamwa thobwa, mawa aziphikira tiyi." Kenaka kuseka kunatha, anayamba kubwera kudimba. Kodi chimera mumathira chochuluka bwanji? Madzi atenthe motani? Ine uchitsiru wanga ndinawagwira dzanja n'kuwaonetsa zonse, ndinkati ndapeza m'bale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mbiri inafika ku boma, alendo a zaulimi nabwera pagalimoto kudzaona. Ndinavala malaya anga a kutchalitchi. Ndikufika kudimba ndinapeza alamu ataima kale pamlambala wa dziwe, chidebe changa chili m'manja, akufotokoza za chimera mwa mawu anga omwe. Mlendo wina anandiloza nafunsa kuti awa ndani.

"Mkamwini wathu ameneyo," anatero alamu. "Amatithandiza kutunga madzi."

Ndinayang'ana mkazi wanga, amene ankaona matuza a m'manja mwanga nthawi yonse yokumba. Anawerama n'kumakonza chitenje. Mpaka lero chimene chimandiwawa kwambiri n'chimenecho, osati bodza la alamu.

Alendo atapita ndinalankhula, ndipo sindinasankhe mawu. Alamu sanakweze mawu n'komwe. Anati dothi ndi la mbumba yawo, madzi ndi a mbumba yawo, ndiye nsomba zingakhale bwanji za munthu wobwera? Ngati ndikufuna dziwe ndikakumbe kwathu. Akuluakulu a pamudzi anangoti mkamwini sakangana ndi eni nthaka, basi nkhani inathera pomwepo, dziwe n'kukhala la alamu.

Sindinachoke, ana anga anali ang'onoang'ono. Njira ya kumunda kwathu inkadutsa pamlambala pomwepo, ndipo ndinkaidutsa m'mawa uliwonse khasu lili paphewa. Nsomba zija zinali zitazolowera mapazi anga. Zikangondimva zinkabwera pamwamba zonse, kukamwa kuli pululu, kunditsatira mpaka kumapeto kwa dziwe, ine m'manja mulibe kanthu.