Milamba ya patsindwi

Achimwene anga aakulu anali munthu wa thupi. Tikakwera bwato limodzi padoko la Kachulu, mbali yawo inkatitimira, ndipo asodzi anzathu ankakuwa ali kumtunda kuti ndinyamule mwala kuti tilingane. Iwo ankangoseka. Masiku amenewo kunenepa kunali ulemu. Pazikope pawo panali timadontho tachikasu tofewa, ndipo akazi awo, alamu anga, ankati n'chizindikiro cha mwamuna wosamalidwa bwino.

Ntchito yathu inali ya milamba. Tinkatchera mbedza m'mabango, n'kubwera nayo kumtunda kudzaiwamba. Mafuta ake ankadontha n'kumalilima pamakala. Yambiri tinkapita nayo panjinga kukagulitsa ku Songani, yotsala tinkaisunga patsindwi la khitchini, pamene pamafika utsi. Chiyambire chaka chimene nyanja inaphwa, ife n'kumayenda pansi pamene tinkapalasa bwato, panalibe banja lofuna kukhala lopanda nsomba yosungira. Azimayi ankaitsitsa nthawi ndi nthawi, kuiwambanso kuti isagwe mphutsi, n'kuibwezera. Mlamba wina unkakhala pamenepo miyezi yambirimbiri, mpaka kuda bii, kulimba ngati chikuni, ndi kafungo kokanda pakhosi.

Matenda a achimwene anayamba ndi phuma. Pokankha njinga pachitunda ankaima, dzanja lili pachifuwa.

"Pali munthu wandikhalira apa," anatero tsiku lina.

"Ndi inu nomwe, achimwene. Mwadzikhalira nokha."

Anaseka, koma thukuta linali litawanyowetsa malaya, kunja kukuzizira.

Kuchipatala cha mishoni ndinawaperekeza ndine. Nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba sukulu ya kwacha, ndili ndi ndevu ndi ana kale, ndipo pabanja pathu ankanditenga ngati womva zonena za madokotala. Tinapita makadi achipani ali m'thumba, monga ankayendera aliyense. Dokotala anawamvera pachifuwa, anayang'ana zikope zija, kenaka analankhula Chinyanja chomveka bwino.

"Bambo, m'magazi mwanu muli mafuta ambiri. Akumatirira m'misempha ya kumtima ngati matope m'ngalande ya mpunga. Siyani fodya, chepetsani mchere ndi zamafuta."

"Ndiye ndizidya chiyani, bango?"

"Nsomba idyani ndithu, koma isakhale yamafuta ambiri."

Mawuwo ndinafika nawo kunyumba monga ananenedwera. Alamu anafunsa kuti nsomba yopanda mafuta ndi iti, koma yankho tonse tinali nalo kale. Mlamba wauwisi ukauphika, mafuta amayandama mumphika, umawaona ndi maso. Wapatsindwi mafuta ake tinawaona akudontha pamoto, ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu. Ukauthyola umangoti thyoo, m'manja osatsala kanthu. Anansi anavomereza, ngakhale amayi a kumpingo amene anabwera kudzazonda anati ndi nzeru. Kuyambira tsiku limenelo mbale ya achimwene inakhala yapadera. Ife tinkadya yauwisi, iwo ankadya ya patsindwi, ndipo alamu posankha ankafufuza yakalekale, youma kuposa inzake.

"Mukundidyetsa nsapato," ankadandaula motero.

"Idyani nsapatoyo mukhale ndi moyo," alamu ankawayankha. "Mukufuna ndilere ndekha anawa?"

Ine ndi achimwene tinkadyera pamphasa imodzi. Alamu akangotembenuka, dzanja lawo linkabwera mwakachetechete kumbale yanga.

"Kamutu kokha, mphwanga. Sakuona."

"Ayi, achimwene. Munamva nokha zimene ananena adokotala."

"Iwe sukulu yakoyi yakuumitsa mtima. Unali mwana wabwino usanadziwe a, e, i."

Ndinkasuntha mbaleyo n'kuiika mbali inayo. Iwo ankapukusa mutu n'kubwerera ku chikuni chawo.

Thupi linatsika ndithu, ndipo tinakondwa. Lamba anaboolanso mabowo ena. Fodya anasiya mwa apo ndi apo, chifukwa ndinkawapeza akusuta kuseri kwa bwato. Dzinja linadutsa, linabweranso lina. Phuma silinathe, koma tinkati matenda a munthu wamkulu sachoka msanga. M'mawa wina tikukokera bwato kumtunda pa Kachulu, anasiya chingwe n'kukhala pansi pamatope.

"Dikira pang'ono, mphwanga," anatero.

Ndinadikira. Sanadzukenso. Pamaliro anthu anayamikira alamu kuti anawasamala mwamuna wawo mpaka mapeto, ndipo zinali zoona.

Mwana wawo wamkazi, amene anali wamng'ono nthawi imeneyo, anadzaphunzira unamwino. Patapita zaka zambiri, ine nditakalamba, anabwera kudzandiona. Tili mkati mocheza anandigwira chibwano n'kundiyang'anitsitsa m'maso.

"Bambo aang'ono, timadontho iti ta pazikope panu tinayamba liti?"

Anandifotokozera za mafuta otchedwa kolesterolo, amene amabweretsa timadontho timeneto. Anati thupi limawapanga lokha m'chiwindi ndipo limawafuna, si mdani ayi. Pang'ono mwa mafutawo thupi limawasintha dala powaphatikiza ndi mpweya, monga khasu lichitira dzimbiri. Osinthikawo amakhala ngati amithenga: amauza chiwindi kuti zakwana, chileke kupanga ena, ndiponso ndiyo njira imene otsala amasandukira ndulu n'kutuluka m'thupi. Vuto, anatero, n'lakuti chakudya chotenthedwa mobwerezabwereza n'kukhalitsa pamphepo chimabwera ndi mafuta ochita kale dzimbiri, ndipo akachuluka amatha kuvulaza misempha ya magazi.

"Kuuma sikutanthauza kuti mafuta atha," anatero, akuloza khitchini yanga. "Otsalamowo ndi amene awonongeka. Kafungo kokanda pakhosi kaja ndi kameneko."

Ndinamufunsa kuti munthu wodwala mtima, pakati pa mlamba wauwisi ndi wa patsindwi, angadye uti.

"Wauwisi, wongowiritsa. Nanga n'kufunsanso?" Anaseka, kenaka anasiya. "Ndimakumbukira kuti ababa anali ndi mbale yawoyawo. Munkaikamo chiyani?"

Ndinamuuza. Anayamba kupotokola nsonga ya chitenje chake.

"Palibe anganene kuti n'zimenezo," anatero pambuyo pake. "Mtima wawo unali utadwala kale. Ndi fodya uja. Ngakhale madokotala enieniwo zambiri za mafuta amenewa akuzifufuzabe." Kenaka anawonjezera kuti, "Amayi musawauze."

Sindinawauze, ndipo alamu anamwalira osadziwa. Tsiku lomwe tinachezalo mwanayo anakwera pampando n'kutsitsa milamba yonse ya patsindwi langa, kusiyako yongowambidwa kumene.

Masiku ano ndimadya nsomba yauwisi yowiritsa, monga anandilangizira, ndipo mapiritsi amene amanditumizira ndimamwa. Zimene ananena zakuti palibe angadziwe ndimazikhulupirira, si mwana wonama. Koma mutu wa mlamba sindidya. Ndikaupeza m'mbale ndimauchotsa n'kuuika pambali, kudzanja lamanja, kumene ankakhala achimwene.