Nsapato za Alcide Soucy

Alcide Soucy ntchito yake ankaiyesa ndi mapazi. Ndiye anamanga ng'anjo ya nkhuni ya tchalitchi chathu, kuno kumpoto kwa Maine, nayala yekha mapaipi a madzi otentha pansi pa simenti. Chisanu chikamayandikira, abambo ankasonkhana kudzawaza nkhuni, ife amayi tikuwaphikira nyemba. Alcide akakoleza moto woyamba, ankavula nsapato n'kuyenda mwakachetechete kuchokera pakhomo kufikira kuguwa. Akaponda pozizira ankadziwa kuti mpweya watsekeka m'paipi, n'kupita kukautulutsa.

Pambuyo pake pankayenda Norbert Cyr, wapampando wa komiti ya tchalitchi, amenenso anali mlongo wa Lucille mkazi wa Alcide, atamunyamulira nsapatozo.

"Alamu, masokosi obookawa Mulungu akuwaona," ankatero Norbert.

"Akuonanso nkhuni zaziwisi mwabweretsa zija," ankayankha Alcide.

Chaka china Alcide anaterereka pa madzi oundana, nathyoka chiuno. Anagona m'chipatala chisanu chonse, ndipo Norbert sankaphonya Lamlungu kukamuzonda.

"Moto uli bwanji, alamu?" ankafunsa Alcide.

"Ukuyaka bwinobwino. Inu ingochirani."

Tsiku lotuluka m'chipatala, Alcide anauza Lucille kuti adzere kaye kutchalitchi. Anandipeza ndikusesa. Anatsamira ndodo, navula nsapato, naponda kamodzi, n'kuima chilili. Simenti inali zii, ngati mwala wa pamanda. Pakhoma chibokosi cha gasi chinkapemerera mphepo yofunda. M'chipinda cha ng'anjo anapezamo mipando yosanjikiza ndi zitsa za mapaipi odulidwa.

Norbert analowa, natola nsapato zija monga mwa chizolowezi.

"Takalamba, alamu. Nkhwangwa yatikanika, ana athu ali kutali. Komiti inagwirizana zoika gasi."

"Zimenezo ndikanazimva," anatero Alcide. "Nanenso nkhwangwa yandikanika. Koma inu mumakhala pabedi langa, mukudya malalanje anga, n'kumandiuza kuti moto ukuyaka."

"Ndinkaopa kuti matenda angakule."

"Ikani pansi nsapatozo."

Anazivala yekha, movutikira, osalola wina kumugwira. Kuyambira pamenepo sanapondemonso m'tchalitchimo, ndipo akakumana ndi Norbert kusitolo ankangokweza chipewa, monga tichitira ndi mlendo.

Alcide atamwalira, mapemphero a maliro anachitikira m'chisakasa chake chogwiriramo ntchito, monga anafunira mwini. M'menemonso anali atayala mapaipi pansi pa simenti, ndipo ng'anjo yake inali ikuyakabe. Lucille anaima pakhomo, natipempha tonse kuvula nsapato, ngakhale bambo mfumu. Ndimakumbukirabe kufunda kuja kukukwera m'mapazi, ngati munthuyo akutipatsa moni.

Norbert anafika pomalizira, nawerama kuti amasule zingwe.

"Achimwene, musavule," anatero Lucille, misozi ili lengelenge. "Anasiya mawu. Inu mulowe chivalire."

Analowadi, ndipo poyenda kukakhala kumbuyo, nsapato zake zokha ndizo zinkamveka m'chisakasa monse.